Mmene mungaperekere ndi kulandira katundu wa m'nyumba kwaulere kudzera m'magulu a pa intaneti

M'nyumba zambiri muli katundu amene sanawonongeke koma anasiya kugwiritsidwa ntchito: bedi la mwana amene anakula, firiji yakale imene inalowedwa m'malo ndi yatsopano, mabuku a kalasi imene inatha kalekale, mipando imene ikungodya malo pakhonde. Kugulitsa zinthu zotere kumatopetsa chifukwa ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi nthawi imene munthu amataya pokambirana mtengo, koma kutaya kudzala kumawawanso mtima. Magulu a pa intaneti opatsana zinthu kwaulere anayambika chifukwa cha katundu wotereyu. Freecycle Network inayambitsidwa ndi Deron Beal mu 2003 ku Tucson, m'chigawo cha Arizona ku America. Freegle inayamba mu 2009 ku Britain, ndipo Buy Nothing Project inayamba mu 2013 pachilumba cha Bainbridge m'chigawo cha Washington ku America. Lero magulu ambiri otere ali pa Facebook ndi pa WhatsApp, ena pansi pa mayina odziwikawa, ena oyambitsidwa ndi anthu okhala dera limodzi basi.

Lamulo lalikulu ndi lofanana kulikonse: palibe ndalama, palibe kusinthana. Katundu ndi waulere, koma nthawi ya anthu si yaulere, ndipo mikangano yambiri m'magulu amenewa imabwera chifukwa cha zinthu ziwiri, kubisa vuto la katundu ndi kusasunga nthawi imene mwagwirizana. Malangizo ali m'munsimu akuzungulira pa mfundo ziwirizi.

Kupeza gulu loyenera

Fufuzani gulu la dera limene mukukhala, osati la mzinda wonse ngati mzindawo ndi waukulu. Tebulo laulere limene lili makilomita 25 kuchokera kwanu likhoza kukudyerani ndalama yoyendera yoposa mtengo wa tebulolo. Pa Facebook lembani dzina la dera lanu pamodzi ndi mawu onena za zaulere kapena dzina la limodzi mwa mabungwe atchulidwa aja. Magulu a pa WhatsApp sapezeka pofufuza, choncho funsani anthu oyandikana nawo kuti akulowetsemo.

Mukalowa, musalembe kanthu tsiku loyamba. Werengani malamulo a gulu, kenaka onani mauthenga a milungu iwiri kapena itatu yapitayi. Gulu lamoyo limadziwika ndi zinthu zitatu: anthu akupereka zinthu pafupipafupi, oyang'anira gulu akuchotsa malonda ndi mauthenga osagwirizana ndi cholinga cha gulu, ndipo olandira akubwerera kudzathokoza. Gulu limene ladzaza ndi otsatsa malonda ndi maulalo achilendo lasiyidwa ndi eni ake, ndipo m'malo otere ndi mmene achinyengo amakonda kukhala.

GAWO LOYAMBA: KUPEREKA

1. Sankhani ndi funso limodzi

Gwirani chinthu chilichonse ndipo dzifunseni ngati mungachipereke pamanja kwa mnzanu amene mumamulemekeza, mukumuyang'ana m'maso. Ngati yankho ndi inde, chiperekeni. Ngati chili ndi vuto koma munthu waluso akhoza kuchikonza kapena kuchotsamo zida, chiperekeninso, bola munene vutolo poyera. Pali anthu amene amafuna wayilesi zakufa, njinga zopanda tcheni ndi matabwa a kabati yothyoka. Koma matiresi onunkha, mtsamiro wa chuku ndi nsapato zodyeka pansi mpaka kubowoka ndi zinyalala, ndipo kuzipereka ndi kungosamutsira ntchito yotaya kwa munthu wina.

2. Tsukani, yesani, tulutsani zanu zonse

Chapani zovala ndi nsalu ndipo ziume bwinobwino musanaziike m'thumba, chifukwa nsalu yonyowa pang'ono yotsekeredwa m'pulasitiki imachita chuku m'masiku ochepa. Chilichonse chamagetsi chilumikizeni ndi kuchisiya chikugwira ntchito kwa mphindi 10 kapena 15, osati kungochiyatsa n'kuzimitsa, popeza mavuto ambiri monga kutentha kwa waya ndi kuzima kwadzidzidzi amayamba chipangizo chikatentha.

Firiji izimitseni maola 24 asanabwere otenga, zitseko zili zotsegula, ndipo yalani nsanza pansi kuti zimwe madzi osungunuka. Makina ochapira zovala amasunga madzi m'paipi ndi m'sefa ya pansi ngakhale akuoneka ouma, ndiye atsanuleni madziwo asanakathire m'galimoto ya munthu.

Pisani m'matumba onse a zovala ndi a zikwama, solorani madirowa onse mpaka kumapeto, kutumulani mabuku. Ziphaso, zithunzi, makalata a kubanki ndi makiyi zimapita ndi katundu kawirikawiri kuposa mmene anthu amaganizira, ndipo zimakonda kugwera kuseri kwa dirowa.

Foni ndi kompyuta zimafuna chidwi chapadera. Pa foni ya Android, yambani ndi kuchotsa akaunti yanu ya Google, kenaka ndiye muibwezeretse mmene inalili pochokera ku fakitale. Mukasemphanitsa ndondomekoyi, foni ikhoza kudzafuna dzina ndi pasiwedi yanu poyatsidwanso, ndipo wolandirayo adzakhala ndi foni yokhoma imene sangaigwiritse ntchito. Pa iPhone tulukani mu akaunti yanu ya iCloud ndi kuzimitsa Find My, pulogalamu yofufuzira foni yotayika, musanafufute zonse. Chotsani SIM khadi ndi memory card. Pa kompyuta, kungofufuta mafayilo sikukwanira chifukwa akhoza kubwezeretsedwa ndi mapulogalamu wamba. Gwiritsani ntchito njira yobwezeretsa kompyuta imene imapukutanso diski yonse, kapena chotsani diskiyo n'kunena mu uthenga wanu kuti kompyuta ilibe diski.

3. Yezani

Ichi n'chimene opereka ambiri amadumpha, ndipo n'chimene chimabweza anthu pakhomo chimanjamanja atalipira kale galimoto. Pa chinthu chilichonse chachikulu kuposa mpando wamba, lembani m'litali, m'lifupi ndi msinkhu mu masentimita. Yezani pamene pali potambalala kwambiri, kuphatikizapo zogwirira ndi miyendo. Nenani ngati chimamasuka, ngati chikufuna anthu awiri kapena atatu onyamula, ndiponso ngati chili m'chipinda chapamwamba chotsikira pa masitepe. Pa zovala lembani saizi kapena zaka za mwana amene zingamukwane, pa nsapato nambala yake.

4. Jambulani masana

Zithunzi zitatu kapena zinayi zimakwanira: chinthu chonse, mbali kapena kumbuyo kwake, chikwangwani cha wopanga ngati ndi chipangizo chamagetsi, ndi chithunzi chapafupi cha pamene pali vuto. Jambulani pafupi ndi zenera kapena panja pamthunzi, popeza kuwala kwa babu usiku kumasintha mtundu wa nsalu ndipo kumabisa madontho. Musanatumize, yang'anani zimene zili kumbuyo kwa chinthucho. Nambala ya nyumba, nambala ya galimoto, nkhope za ana ndi katundu wina wamtengo wapatali zisaoneke. Galasi loyang'anira ndi sikirini ya TV yozimitsa zimaonetsa chipinda chonse pamodzi ndi wojambulayo.

5. Lembani uthenga woti munthu asafunsenso

Magulu ambiri amagwiritsa ntchito mawu anayi oyambira uthenga, osonyeza kuti munthu akupereka, akufuna, katundu watengedwa kapena walandiridwa. Tsatirani mmene gulu lanu limalembera. Uthenga wabwino ukhoza kuoneka motere:

"NDIKUPEREKA: tebulo lodyera la thabwa, masentimita 150 m'litali, 90 m'lifupi, 75 msinkhu. Mwendo umodzi umagwedera, ukufuna kumanga sikuluu. Pamwamba pali chipsera cha poto wotentha, onani chithunzi chachitatu. Miyendo imachoka. Likufuna anthu awiri. Litengedwe pofika Loweruka, madzulo aliwonse kuyambira 5 koloko mpaka 7 koloko. Poyankha nenani tsiku limene mungabwere ndi chimene mudzanyamulire."

Tchulani dera lokha, osati adiresi yeniyeni. Chiganizo chomaliza chija chimathandiza kwambiri, chifukwa chimasiyanitsa munthu amene wawerenga ndi kuganiza za mayendedwe ndi amene amangolemba kuti "ndikufuna" pa chilichonse chimene chatuluka.

Tinthu ting'onoting'ono tiikeni pamodzi molingana ndi ntchito yake: thumba la zovala za mwana wa zaka 2 mpaka 3, katoni ya ziwiya za kukhitchini, mulu wa mabuku a phunziro limodzi. Nenani ngati munthu ayenera kutenga zonse kapena akhoza kusankha. Mukalola kusankha, yembekezani kuti zabwino zidzapita tsiku loyamba ndipo zotsala zidzakhala nanu.

6. Musathamangire woyamba kuyankha

Katunduyo ndi wanu, ndipo magulu ambiri amakupatsani ufulu wosankha womupatsa. Kupatsa woyamba kuyankha n'kosavuta, koma kumapangitsa kuti zinthu zonse zizipita kwa anthu ochepa amene amakhala pa foni tsiku lonse. Munthu amene ali kuntchito, kapena amene amalowa pa intaneti madzulo okha, samapeza kanthu. Ngati simuli pa changu, dikirani maola 12 mpaka 24, kenaka musankhe. Ena amasankha amene wafotokoza bwino chimene akufunira chinthucho, ena amachita maere. Zonse n'zabwino. Chosayenera ndi kufunsa anthu kuti afotokoze umphawi wawo pagulu kuti muone wovutika kwambiri, chifukwa zimenezi zimachotsa ulemu wa munthu ndipo zimalimbikitsa mabodza.

Mukasankha, mulembereni kumbali, osati pagulu. Sungani dzina la wachiwiri ndipo muuzeni kuti ali pamzere ngati woyamba alephera. Pagulu lembani kuti katundu walonjezedwa, kuti ena asapitirize kufunsa.

Pali nkhani ya anthu otenga zinthu kuti akagulitse. Magulu ena amaletseratu, ena amalola bola munthu anene. Ngati cholinga chanu ndi kungochotsa katundu kuti asathere kudzala, wogulitsa amene amabwera pa nthawi yake akukuthandizani. Ngati mukufuna kuti chinthucho chikagwire ntchito m'nyumba ya amene akuchisowa, lembani zimenezo mu uthenga wanu. Koma dziwani kuti chikatuluka pakhomo panu si chanunso.

7. Gwirizanani nthawi yokhala ndi malire

"Bwerani mawa" si pangano. Nenani tsiku, ola loyambira ndi ola lomalizira, ndipo onjezani kuti ikadutsa nthawiyo popanda uthenga mupereka kwa wina. Adiresi yeniyeni itumizeni tsiku lotengalo, munthuyo akatsimikiza kuti akunyamuka. Kusabwera kwa anthu ndilo vuto lofala kwambiri m'magulu onse otere, ndipo chifukwa chake n'chodziwika: munthu amene sanalipire kanthu sataya kanthu akapanda kubwera. Mpatseni mwayi umodzi ngati wadziwitsa nthawi isanakwane. Akangokhala chete, pitani kwa wachiwiri popanda kukangana naye pagulu, ndipo ngati wachita zimenezi kangapo dziwitsani oyang'anira gulu kumbali.

8. Tsiku lopereka

Zinthu zonyamulika pamanja ziperekereni pamalo podutsa anthu ambiri, masana, kapena pageti. Zinthu zazikulu zitulutseni pakhonde nthawi isanakwane kuti mlendo asalowe m'nyumba. Ngati palibe kuchitira mwina koma kuti alowe, pakhale munthu wina wamkulu pakhomo, tsekani zitseko za zipinda zina, ndipo ana asakhale okha ndi alendowo. Musauze munthu amene simukumudziwa masiku amene panyumba pamakhala popanda munthu. Ambiri mwa obwera ndi anthu abwino, koma malamulowa sawavutitsa iwo ndipo amakutetezani kwa mmodzi woipayo.

Mukamasula bedi kapena kabati, jambulani kaye chisanamasulidwe, lembani manambala pa zidutswa, ndipo masikuluu onse aikeni m'kathumba n'kukamatiza pa thabwa lalikulu. Perekaninso chaja, rimoti, makiyi a kabati ndi kabuku ka malangizo ngati kalipo. Katundu akapita, bwererani pagulu n'kulemba kuti watengedwa, kapena fufutani uthengawo molingana ndi lamulo la gulu.

Zosayenera kupereka ngakhale wina atapempha

Mankhwala otsala a kuchipatala asaperekedwe kwa munthu wina, ngakhale matenda akuoneka ofanana. Zigubu ndi mabotolo amene munali mankhwala ophera tizilombo, mafuta a galimoto kapena mankhwala ena aukali zisaperekedwe kwa amene akufuna zosungira madzi akumwa kapena chakudya, chifukwa pulasitiki imamwa mankhwalawo ndipo kutsuka sikuwachotsa onse. Batire ya foni kapena ya laputopu yotupa ikhoza kugwira moto, ndiye ipite kumalo olandira zinyalala zamagetsi. Helimeti imene inagundapo pansi pa ngozi yatha ntchito ngakhale kunja kukuoneka bwino, popeza chofewa cha mkati chimaphwanyika kamodzi kokha ndipo sichibwerera. N'chimodzimodzi ndi mpando wa mwana wa m'galimoto umene unali m'galimoto yochita ngozi. Zida zoopsa, katundu woletsedwa ndi malamulo ndi chilichonse chimene wopanga analengeza kuti chibwezedwe chifukwa cha vuto, zonsezi zilibe malo pagulu. Magulu ambiri amaletsanso kupereka ziweto.

GAWO LACHIWIRI: KULANDIRA

1. Yankhani ngati munthu amene adzabweradi

Musanalembe, yezani malo amene chinthucho chidzakhale, yezani chitseko cha nyumba yanu, ndipo dziwani chimene mudzanyamulire ndi ndalama imene ulendowo udzadya. Yezani mpata weniweni wa chitseko chitatsegulidwa, osati thabwa la chitsekocho. Ngati pakuperewera pang'ono, kuchotsa chitseko pa mahinji kumawonjezera masentimita angapo. Pa sofa ndi kabati yaitali ganiziraninso pokhota m'kanjira ka m'nyumba ndi pa masitepe, chifukwa chinthu chikhoza kulowa pakhomo koma n'kukanika kukhota.

Yankho labwino ndi lalifupi: moni, chimene mukufuna, chifukwa chake m'chiganizo chimodzi, tsiku ndi ola limene mungabwere, ndi chonyamulira. Musafunse zimene zalembedwa kale mu uthenga. Musapemphe woperekayo kuti akubweretsereni, pokhapokha iye atanena yekha kuti angathe. Akapatsa wina, musadandaule pagulu.

2. Kupempha chimene mukufuna

Magulu ambiri amalola kupempha, ndipo nthawi zambiri pempho limakumbutsa munthu za chinthu chimene anaiwala kuti ali nacho. Pemphani chinthu chimodzi kapena ziwiri, mofotokoza bwino: "NDIKUFUNA: desiki yaing'ono yolembera mwana wa sukulu, yosapitirira masentimita 100 m'litali. Ngakhale yofuna kukonza ndilandira. Ndidzatenga ndekha." Mndandanda wautali wa zinthu zodula, monga foni yamakono, TV yaikulu ndi laputopu nthawi imodzi, umangokhumudwitsa anthu. Onani malamulo pa za kuchuluka kwa mapempho, chifukwa magulu ena amaika malire. N'kwabwinonso kuyamba ndi kupereka kanthu, ngakhale kakang'ono, kuti anthu akudziweni.

3. Yang'anitsitsani musananyamule

Muli ndi ufulu wokana mwaulemu ngati chinthu sichili mmene chinafotokozedwera. Kukana pakhomo la woperekayo kuli bwino kusiyana ndi kukachitaya panjira. Tengani tochi, ngakhale ya pa foni, ndi tepi yoyezera.

Matiresi, sofa, mabedi ndi mipando ya nsalu: apa mdani wamkulu ndi nsikidzi, ndipo ndi pamene muyenera kutaya nthawi yambiri. Nsikidzi yaikulu imatalika pafupifupi mamilimita 5, ndi yofiirira komanso yaphwatalala, ndipo masana imabisala. Unikani m'misoko ya matiresi, pansi pa mabatani, m'makona a thabwa la bedi, m'mabowo a masikuluu ndi pansi pa sofa pamene nsalu inakhomeredwa. Fufuzani timadontho takuda ngati ta inki, timakoko totuwa timene zimafundula, ndi timazira toyera ta pafupifupi milimita imodzi. Mukaona chimodzi mwa zimenezi, siyani katunduyo, ngakhale akhale wokongola bwanji. Nsikidzi zimatha miyezi ingapo osadya, choncho mawu oti "bedili lakhala m'stolo nthawi yaitali, zinafa kale" musawakhulupirire. Kuzichotsa m'nyumba zikalowa kumadya ndalama ndi tulo koposa mtengo wa matiresi atsopano.

Mipando ndi makabati a thabwa: timabowo ting'onoting'ono tokhala ndi ufa wa thabwa pansi pake tikusonyeza kuti thabwalo likufumbwa ndipo tizilombo tikadali moyo. Gogodani miyendo ndi kumbuyo, ndipo ngati kukumveka mphako ndiye kuti chiswe chinadutsamo. Makabati a matabwa oumbidwa ndi utuchi amatupa akanyowa ndipo sabwerera, komanso mabowo ake a masikuluu amakula akamasulidwa kangapo, ndiye yang'anani m'munsi mwake. Samalani ndi penti wakale amene akusupuka, makamaka pa katundu wa ana. Ku America penti wa m'nyumba wokhala ndi mtovu analetsedwa mu 1978, koma m'maiko ambiri anapitiriza kugulitsidwa zaka zambiri pambuyo pake, ndipo mtovu umawononga ubongo wa mwana. Penti wotere musamupale ndi sandipepala ali wouma, chifukwa fumbi lakelo ndilo loopsa.

Zipangizo zamagetsi: pemphani kuti aziyatse inu mukuona. Yendetsani zala pa waya wonse, chipangizo chili chozimitsa ndi chochotsedwa pa soketi, kuti mumve ngati pali pong'ambika kapena polumikizidwa ndi tepi. Pulagi yakuda kapena yosungunuka ndi fungo la chopserera ndi zizindikiro zoti mkati muli vuto. Werengani chikwangwani cha mphamvu ya magetsi. Maiko ena amagwiritsa ntchito mavoti 110 mpaka 127, ena 220 mpaka 240, ndipo chipangizo cha mavoti 110 chikalumikizidwa pa 230 chikhoza kupsa nthawi yomweyo. Firiji, mayikirowevu ndi TV zimakonda kubisa mphemvu m'malo ofunda a kumbuyo, ndiye unikaninso kumeneko. Mayikirowevu ya chitseko chopindika, chosatsekeka bwino, kapena ya dzimbiri mkati musaitenge, ndipo musaitsegule nokha kuti mukonze, chifukwa ili ndi chida chosunga magetsi oopsa ngakhale itachotsedwa pa soketi. Pa firiji, tsekerani pepala pachitseko n'kulikoka. Likasololoka mosavuta, labala ya chitseko yatha ndipo firijiyo idzadya magetsi ambiri.

Foni ndi tabuleti: iyatseni pamaso pa woperekayo ndipo dutsani masitepe oyambira mpaka mutsimikize kuti sikufunsa akaunti ya mwini wakale.

Katundu wa makanda: mipata ya pakati pa timitengo ta bedi la khanda isapitirire masentimita 6, kuti thupi la mwana lisadutse mutu n'kukodwa. Matiresi akwane bwino, ndipo ngati zala zoposa ziwiri zikulowa pakati pa matiresi ndi m'mbali mwa bedi, mpatawo wakula. Mabedi amene mbali imodzi imatsika ndi kukwera analetsedwa kugulitsidwa ku America mu 2011 chifukwa ana ankapanikizika m'mipata yake, choncho apeweni. Mpando wa m'galimoto uli ndi tsiku limene unapangidwa, ndipo opanga ambiri amaupatsa zaka 6 mpaka 10. Ulandireni pokhapokha ngati mukukhulupirira mwini wake kuti sunachitepo ngozi. Pa zidole, onani kuti potsekera batire ndi pomangidwa ndi sikuluu. Timabatire tozungulira ngati batani ndi timaginito tating'ono zikamezedwa zimawononga m'mimba ndi kummero m'maola ochepa.

4. Kunyamula

Bwerani ndi anthu okwanira, zingwe, mabulangete akale otchingira ndi sikuludiraiva, osadalira kuti woperekayo akuthandizani kunyamula. Chotsani madirowa ndi mashelefu a galasi, mangani zitseko za kabati kuti zisatseguke panjira. Ponyamula pindani mawondo, msana ukhale wowongoka. Magalasi ndi TV zopyapyala ziyende zoimirira, chifukwa zikagonekedwa zimasweka pakati galimoto ikadumpha.

Firiji iyende yoimirira ngati n'kotheka. Ikagonekedwa, mafuta a mu kompuresa, injini ya firijiyo, amalowa m'mapaipi a gasi, ndipo mukaiyatsa nthawi yomweyo kompuresa ikhoza kuwonongeka. Mukafika iimikeni pamalo ake n'kudikira maola 4 ngati inayenda yoimirira, kapena maola 24 ngati inagonekedwa, ndiye muyatse.

5. Musalowetse m'chipinda chogona tsiku lomwelo

Zovala, makatani ndi zofunda zipite molunjika kochapira, zili m'thumba lomanga. Madzi otentha madigiri 60 amapha nsikidzi ndi mazira ake, ngati nsaluyo ingapirire kutentha kotero. Zosapirira zikhoza kuikidwa m'thumba n'kukhala mufiriza ya madigiri 18 pansi pa ziro kwa masiku 4. Mipando isiyeni panja pouma kapena m'chipinda chapadera masiku angapo, muipukute, muiyang'anenso ndi tochi. Ziwiya zitsukeni ndi madzi otentha ndi sopo. Kenaka tumizani uthenga wothokoza kwa amene wakupatsani, ndipo ngati munapempha pagulu, lembani kuti mwalandira kuti ena asavutike kukufunirani.

Ngati mwalephera kupita pa nthawi imene munagwirizana, nenani msanga, ngakhale kwatsala ola limodzi. Woperekayo mwina wasiya zochita zake kuti akudikireni, ndipo wakana anthu ena chifukwa cha inu.

Chinyengo chofala

Njira zake ndi zochepa ndipo zimabwerezedwa. Yoyamba: wina akupereka chinthu chodula kwambiri, akuti wasamukira kutali kapena ali pa ulendo, ndipo mungotumiza ndalama ya mayendedwe kuti akutumizireni. Ndalama ikapita, munthuyo amasowa. M'gulu la dera limodzi palibe chifukwa chotumizira ndalama musanaone katundu ndi maso. Yachiwiri: wina akuti akufuna kutsimikiza kuti ndinu munthu weniweni, ndiye mumuuze manambala amene abwera pa foni yanu. Manambala 6 amene WhatsApp imatumiza ndi kiyi ya akaunti yanu, ndipo mukawapereka munthuyo amalanda akauntiyo n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu. Musawapereke kwa aliyense, ndipo yatsani chitetezo chachiwiri cha PIN mu WhatsApp. Yachitatu ndi ulalo umene ukuti mudzaze fomu kuti mulandire katundu, n'kufunsa pasiwedi kapena nambala ya khadi ya kubanki. Akaunti yotsegulidwa posachedwa, yopanda mbiri, yokhala ndi zithunzi zooneka ngati za m'sitolo ndiponso yokukakamizani kuchita changu, ikayikireni. Jambulani sikirini ya zokambirana zanu n'kutumiza kwa oyang'anira gulu.

Ngati palibe amene wafuna katundu wanu

Dikirani sabata imodzi, kenaka tumizaninso ndi chithunzi chowala bwino, pa nthawi ina ya tsiku, makamaka madzulo kapena kumapeto kwa sabata pamene anthu ambiri ali pa foni. Nthawi zina vuto ndi kukula kwa chinthucho, ndiye chimasuleni n'kunena kuti tsopano chikhoza kulowa m'galimoto yaing'ono. Nthawi zina mutu wa uthenga ndi umene ukulakwika: kabati yothyoka palibe amene amaifuna, koma "matabwa asanu ndi mahinji anayi" amapeza mwini. Zikakanikabe, funsani mabungwe othandiza anthu, sukulu kapena amisiri okonza zinthu a m'dera lanu, ndipo funsani kaye musanapite nazo, chifukwa nawonso ali ndi zimene salandira. Zitsulo zipite kwa otolera zitsulo zakale, ndipo zamagetsi ndi mabatire zipite kumalo olandira zinyalala zamagetsi, osati kudzala kapena pamoto, popeza utsi wa mawaya ndi pulasitiki wotenthedwa ndi poizoni.